Mmene makolo angathandizire mwana amene akusewera mpira wa miyendo

Mwana wanga ali ndi zaka 9, tsiku lina analandira mpira chapafupi ndi golo la timu imene ankasewera nayo, ndipo nthawi yomweyo mawu a anthu atatu anamugwera pamodzi. Mphunzitsi wake anamuuza kuti apatsire mnzake amene anali yekhayekha kumanzere, bambo wina amene ndinaima naye pafupi anakuwa kuti athamange nawo mpirawo, ndipo ine, mokweza kuposa onsewo, ndinakuwa kuti angomenya basi. Mwanayo anaima n'kucheukira kumene kunali ine, mpira n'kulandidwa iye ali chicheukire. Madzulo a tsikulo, akumasula zingwe za nsapato zake, anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Ababa, kodi pabwalo paja ndizimvera inu kapena aphunzitsi?" Ndinasowa choyankha, chifukwa ndinazindikira kuti chimene ine ndinkati ndi kumulimbikitsa chinali kumusokoneza.

Malangizo ali m'munsimu anabadwa pa funso limenelo. Pa masewero a ana aliyense ali ndi gawo lake: ana amasewera, mphunzitsi amaphunzitsa, woyimbira amaweruza, ndipo kholo limakhala munthu amene mwana amadziwa kuti chikondi chake sichisintha, kaya timu yapambana kaya yagonja. Gawo limeneli limaoneka lopepuka, koma ndi limene limatikanika ambiri a ife mtima ukakwera. Ndasanja malangizowa motsata nthawi, kuyambira mwana asanalowe m'timu kufikira pamene wayamba kulota zodzakhala katswiri.

Choyamba: funsani mwanayo chimene akufuna mu mpira

Musanagule kanthu kapena kumulembetsa kulikonse, khalani naye pansi ndi kumufunsa chimene chimamusangalatsa akamasewera. Wina adzati amakonda kukhala ndi anzake, wina adzati amakonda kuthamanga mpaka kutuluka thukuta, wina akufuna kuphunzira chenga imene anaiona pa wailesi yakanema, ndipo aang'ono amene amayamba ndi kutchula chikho ndi ochepa. Lembani yankho lakelo penapake, pambali pake mulembenso zimene inu mukuyembekezera. Ziwirizo zikasiyana, zanuzo ndi zimene ziyenera kugonja, popeza amene adzavale jezi ndi kumva kuwawa akapondedwa ndi iyeyo. Funsoli muzilibwereza chaka ndi chaka, chifukwa zofuna za mwana wa zaka 7 sizifanana ndi za mwana wa zaka 13.

Kusewera si mphotho imene mwana amalandira akatikondweretsa. Pangano la United Nations lokhudza ufulu wa ana, limene linavomerezedwa mu 1989, limanena m'ndime 31 kuti mwana ali ndi ufulu wopuma ndi wosewera, ndipo bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti ana a zaka 5 mpaka 17 azichita zolimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 60 patsiku. Mwana amene akuthamanga pabwalo ndi anzake wapindula kale, ngakhale atatha chaka chonse osagoletsa chigoli.

Chachiwiri: sankhani timu poyang'ana anthu ake

Makolo ambiri amathamangira timu ya zikho zambiri. Ine ndimati pitani kaye mukaonerere tsiku limene ana akuphunzira mpira, kawiri kapena katatu, muime chapatali ndi kuyang'anitsitsa. Kodi mwana akalakwitsa, mphunzitsi amamulankhula bwanji? Kodi ana akutha nthawi yambiri ali ndi mpira kumapazi, kapena ali pamzere kudikira kuti amenye kamodzi pa mphindi zisanu? Kodi amene luso lawo silinakhwime amapatsidwa mpata wosewera, kapena ntchito yawo ndi kutola mipira? Nanga pobalalika, nkhope za anawo zikuoneka bwanji?

Funsaninso kuti ana amasewera angati mbali iliyonse. M'mayiko ambiri ana aang'ono amasewera 5 kapena 7, akakulako 9, ndipo amafika pa 11 ali ndi zaka pafupifupi 13. Chifukwa chake n'chakuti pabwalo laling'ono mwana aliyense amakhudza mpira kambirimbiri ndipo amaphunzira kuganiza mwachangu, pamene pabwalo la akuluakulu mwana wa zaka 8 atha kumaliza masewero onse atangoukhudza kangapo. Mipira nayonso ili ndi misinkhu yake: wa nambala 3 ndi wa ana aang'ono kwambiri, wa nambala 4 ndi wa ana apakatikati, ndipo wa nambala 5, umene umalemera magalamu 410 mpaka 450, ndi wa achinyamata ndi akuluakulu. Timu imene imamenyetsa tiana mpira wa akuluakulu pabwalo lalikulu sinaganizire msinkhu wawo.

Amene amaopa kuti mwana safika patali ngati sakupanikizidwa kuti apambane aone dziko la Norway. Kumeneko malamulo a masewera a ana anakhazikitsidwa mu 1987, ndipo salola kufalitsa mndandanda wa amene ali pamwamba ndi amene ali pansi ana asanafike chaka chimene akukwanitsa zaka 11, komanso salola ana osakwana zaka 13 kuchita nawo mpikisano wa dziko lonse. Ana a kumeneko amadziwa ndithu kuti lero apambana kapena agonja, koma akuluakulu sawasenzetsa mtolo wa zotsatirazo. M'dziko lomwelo ndi mmene munakulira akatswiri a mpira Erling Haaland ndi Ada Hegerberg, mayi woyamba kulandira mphotho ya Ballon d'Or ya amayi, imene imaperekedwa kwa wosewera wopambana onse pachaka, mu 2018.

Pali funso lina limene makolo ena amachita nalo manyazi, koma musalisiye: kodi timuyo imateteza bwanji ana ku nkhanza ndi kugwiriridwa? Bungwe loyendetsa mpira padziko lonse la FIFA linakhazikitsa ndondomeko yotchedwa FIFA Guardians mu 2019 chifukwa vutoli lilipodi mu mpira. Timu yodalirika salola munthu wamkulu kukhala yekha ndi mwana m'chipinda chotseka, salola mphunzitsi kumatumiza mauthenga achinsinsi pafoni ya mwana, ndipo imafotokozera makolo momveka za maulendo ndi kogona. Mwana wanunso mumuuze mosapsatira kuti thupi lake ndi lake, ndipo munthu wamkulu aliyense akamuuza kuti asunge chinsinsi, abwere adzakuuzeni tsiku lomwelo.

Chachitatu: konzekerani zovala ndi thupi

Pa zovala sipafunika zambiri. Lamulo la nambala 4 la mpira limatchula jezi, kabudula, masokosi, nsapato ndi zotchinjiriza misongolo, ndipo limaletsa ndolo, mikanda, mphete ndi zibangili chifukwa zimavulaza. Nsapato ikhale yomukwana lero, popeza yaikulu imene mwagula kuti adzakuliremo imatulutsa matuza ndi kumupunthwitsa, ndipo yokwera mtengo siwonjezera luso. Chimene chimaiwalika kawirikawiri ndi tulo: akatswiri a zaumoyo amalangiza maola 9 mpaka 12 kwa ana a zaka 6 mpaka 12, ndi maola 8 mpaka 10 kwa a zaka 13 mpaka 18. Adye maola awiri kapena atatu masewero asanayambe, atenge botolo lake la madzi, ndipo kukatentha azimwa pafupipafupi osadikira ludzu. Mufikitseni nthawi yabwino kuti atenthetse thupi pamodzi ndi anzake, chifukwa kutenthetsa thupi mwadongosolo, monga mwa ndondomeko ya FIFA 11+ imene imatenga mphindi pafupifupi 20, kumachepetsa kuvulala. Akangofika msinkhu wa zaka 7 kapena 8, chikwama chake azilongedza yekha, kuti aziona kuti mpirawu ndi wake.

Chachinayi: phunzirani malamulo ochepa amene amayambitsa phokoso

Mikangano yambiri ya m'mbali mwa bwalo imabwera chifukwa cha malamulo amene makolo amangoganiza kuti amawadziwa. Malamulo a mpira alipo 17, amawasunga ndi kuwakonza ndi bungwe la IFAB limene linakhazikitsidwa mu 1886, ndipo amapezeka pa intaneti. Simukuyenera kuwaloweza onse, koma atatu okha muwamvetse bwino. Koyamba, ofusayidi (mlandu wa kuima pafupi ndi golo la timu inayo kuposa mpira ndi otchinga ake) amaweruzidwa pa nthawi imene mnzake wa wosewerayo akumenya mpira, osati pamene wosewerayo akuulandira, kotero mwana amene mukumuona ali yekha kutsogolo angakhale kuti sanalakwe. Palibenso ofusayidi ngati walandira mpira wochokera pakona, woponyedwa ndi manja kuchokera kunja, kapena woyambitsidwa pagolo utatuluka. Kachiwiri, mpira ukakhudza dzanja si nthawi zonse pamene pamakhala mlandu. Kachitatu, woyimbira ali ndi ufulu wosaimitsa masewero ngakhale waona fawulo, ngati kuimitsako kungalande mwayi timu yolakwiridwayo. Dziwaninso kuti mipikisano ya ana imakhala ndi malamulo akeake, ina ilibe ofusayidi n'komwe, choncho funsani mphunzitsi nyengo ya masewero isanayambe.

Chachisanu: dzisungeni pa nthawi ya masewero

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Yambani ndi malo oima. Khalani kumene kwaikidwira oonerera, kutali ndi mzere, kutali ndi benchi, ndipo musaime kumbuyo kwa golo. Goloboyi wamng'ono amene bambo ake aima kumbuyo kwa ukonde amasewera ndi khutu limodzi pabwalo, lina kumbuyo, ndipo mpira wophweka umamudutsa pakati pa miyendo.

Kenako siyanitsani kuchemerera ndi kulamula. Njira yosavuta ndi iyi: mawu oyamikira zimene zachitika kale ndi anu, mawu ouza mwana chochita ndi a mphunzitsi. "Wachita bwino!", "Mwayesetsa!", "Osafooka!" ndi mawu a kholo. "Menya!", "Patsira!", "Bwerera!", "Chotsa!" ndi malamulo, ndipo amaononga m'njira zingapo. Mawu anu akamafika m'khutu la mwana, zinthu pabwalo zimakhala zitasintha kale. Komanso mpira ndi masewero oganiza, ndipo mwana amene amauzidwa chochita nthawi zonse saphunzira kukweza mutu, kuona ndi kusankha yekha. Tsiku limene inu kulibe amasowa pogwira. Choopsa kwambiri n'chakuti simudziwa zimene mphunzitsi wawauza. Mwina sabata yonse wakhala akuphunzitsa otchinga kumbuyo kuti azipatsirana mpira modekha m'malo moumenyera kutali, akudziwa kuti poyamba adzalakwitsa ndi kugoletsedwa, ndiye inu mukakuwa kuti "Chotsa!" mwagwetsa phunziro la sabata yonse, mwana n'kutsala pakati pa anthu awiri amene onse amawalemekeza.

Bungwe la mpira la ku England linayambitsa ndondomeko ya Respect mu 2008 pofuna kukonza khalidwe la akuluakulu pa masewero, ndipo mu 2022 linapempha kuti pa masiku ena makolo azingowomba m'manja osakuwa. Yesani zimenezi pa masewero amodzi okha. Mudzamva chinthu chimene phokoso lathu limabisa, ndicho mawu a anawo akuitanizana mayina, kuchenjezana ndi kukonza okha zolakwika zawo.

Pakamwa pakatsekedwa, nkhope ndi manja zimalankhulabe. Mwana akaphonya chigoli kapena kutaya mpira, kawirikawiri amayamba wayang'ana kumene kuli kholo lake. Akakuonani mwagwira kumutu, mukupukusa mutu kapena mwafulatira bwalo, amamva kuti wakukhumudwitsani, ndipo mpira wotsatira amauopa, amangouchotsa msanga kuti mlandu usamugwere. Gwirizanani naye chizindikiro chimodzi, monga kuwomba m'manja kawiri, chimene tanthauzo lake ndi lakuti zapita, pitiriza. Ndi kanthu kakang'ono, koma ndaona mwana wakugwa mapewa akuwongoka atangokaona.

Musamachemerere mwana wanu yekha. Phunzirani mayina a anzake, muziyamikira amene wapatsira bwino ndi amene wathamanga kubwerera kudzatchinga, chifukwa chigoli chimayambira kutali ndi amene wachimwetsa. Goloboyi wa timu inayo akagwira mpira wovuta, muwombereni m'manja. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe. Musanyoze mwana aliyense, ngakhale monong'ona, chifukwa mayi amene mwaima naye pafupiyo angakhale mayi wake, ndipo ana amamva zambiri kuposa mmene timaganizira.

Za woyimbira ndilankhulepo mwamphamvu. Pa masewero a ana, woyimbira nthawi zambiri amakhala wachinyamata amene nayenso akuphunzira, kapena munthu wongodzipereka, ndipo adzalakwitsa monga mmene anawo akulakwitsira. Lamulo la nambala 5 limati chigamulo chake pa zochitika m'masewero ndi chomaliza, kotero kukuwa kwanu sikubweza penate kapena kufafaniza chigoli. Chimene kumachita ndi kuphunzitsa mwana wanu kuti akagonja azifunafuna womuloza chala, ndiponso kuthamangitsa achinyamata amene akanadzakhala oyimbira abwino. Mukaona kuti ana akusewera moopsa ndipo woyimbira sakuchitapo kanthu, uzani mphunzitsi kapena akuluakulu a mpikisano mwaulemu. Kholo lina likayamba kutukwana, musalimbane nalo pamaso pa ana. Sunthani, kenako mudziwitse oyang'anira timu.

Musalonjeze ndalama kapena mphatso pa chigoli chilichonse. Mwana wolonjezedwa motero amasiya kupatsira anzake, ndipo wotchinga kumbuyo kapena goloboyi amaona ngati ntchito yake ilibe mtengo. Foni nayo ikhale m'thumba nthawi yambiri, kuti akacheuka akupezeni mukumuonerera. Mukajambula, kanemayo asakhale umboni womuzengera mlandu kunyumba, ndipo musaike zithunzi za ana a anzanu pa intaneti makolo awo asanalole.

Chachisanu ndi chimodzi: samalani ulendo wobwerera kunyumba

Mphindi zoyamba masewero atatha zimamanga kapena kugumula zambiri. Mwana amakhala atatopa, ali ndi njala, mtima uli m'mwamba, ndipo zolakwa zake amazidziwa kale kuposa inu. Imeneyi si nthawi yomuwerengera mipira imene anataya. Mupatseni madzi ndi chakudya, mumuuze mawu amodzi amene sadalira zigoli, monga akuti, "Ndasangalala kukuona ukusewera," kenako mukhale chete. Akafuna kukamba za masewerowo adzayamba yekha, ndipo akayamba, funsani m'malo mogamula: "Chakusangalatsa n'chiyani lero? Ndi pati pamene panakuvuta? Aphunzitsi anena zotani?"

Mwana wanga yemwe uja, atakwanitsa zaka 11, anaphonya penate imene ikanawapititsa m'ndime yotsatira ya mpikisano. Anatuluka m'bwalo atakokera jezi kumaso, mapewa akugwedezeka. M'kamwa mwanga munali mawu ambiri, za mmene anaimira, za phazi limene anaponda patali ndi mpira, koma ndinangonyamula chikwama chake n'kumugwira paphewa, ndipo tinafika kunyumba osalankhulana. Mawa lake madzulo anabwera ndi mpira m'khwapa nati, "Ababa, taimani pagolo ndiyesenso." Anamenya kokwana 20, ndipo zimene ndinkafuna kumuuza dzulo lake anazitulukira yekha.

Mwana akalira, musamuletse kapena kumuchititsa manyazi, kaya ndi mnyamata kaya ndi mtsikana, chifukwa misoziyo ikungosonyeza kuti zimamukhudza. Musamunamizenso kuti wasewera bwino kwambiri pamene iye akudziwa kuti sizinayende, popeza mawa sadzakhulupirira kuyamikira kwanu. Yamikirani chinthu chenicheni chimene mwaona ndiponso chimene iye angathe kuchibwereza: kuti anathamanga kubwerera atataya mpira, kuti anayesa kumenya ndi mwendo umene sanauzolowere, kuti anadzutsa mnzake amene anagwa. Akatswiri a maganizo a anthu Claudia Mueller ndi Carol Dweck anasonyeza mu 1998 kuti ana oyamikiridwa chifukwa cha khama amalimba mtima akakumana ndi zovuta kuposa ana oyamikiridwa kuti ndi anzeru. Pabwalo n'chimodzimodzi: mwana amene amangouzidwa kuti ali ndi mphatso amaopa kuyesa chatsopano, kuopa kuti akalephera mphatsoyo ioneka ngati yabodza. Ndipo musamuyerekeze ndi mkulu wake, mnzake kapena inuyo muli mwana.

Chachisanu ndi chiwiri: lankhulani ndi mphunzitsi mwa njira yake

Tsiku lidzafika limene mwana wanu adzakhala pa benchi nthawi yaitali, kapena adzaikidwa kumbuyo pamene inu mumamuona ngati womwetsa zigoli. Musapite kwa mphunzitsi masewero atangotha. Lolani tsiku lathunthu lidutse, mupemphe nthawi yokumana naye pambali popanda ana, ndipo mupite ndi funso m'malo mwa mlandu: "Aphunzitsi, kodi mwanayu alimbikire pati kuti azipeza mpata wochuluka?" Musatchule ana a anzanu pa zokambiranazo. Mwana wa zaka 12 kapena kuposerapo muthandizeni kukonza mawu, koma akafunse yekha, chifukwa kulankhula ndi wamkulu mwaulemu pa nkhani yomuwawa ndi phunziro lalikulu. Kusinthidwa malo si chilango. Mwana amene wasewerapo kumbuyo, pakati ndi kutsogolo amamvetsa mpira mokwanira.

Kunyumba musanyoze mphunzitsi mwana akumva, chifukwa mawa lake adzayenera kukaima pamaso pake ndi kumumvera. Aphunzitsi ambiri a ana ndi ongodzipereka, choncho funsani pamene mungathandize, monga kunyamula zipangizo kapena kukonza za mayendedwe. Kudekha kumeneku kuli ndi malire ake. Mphunzitsi akamamenya ana, kuwatukwana, kuwanyoza chifukwa cha maonekedwe a thupi lawo kapena kukakamiza wovulala kuti asewere, kanenani kwa akuluakulu a timu mosazengereza, ndipo zikapanda kusintha muchotsenimo mwana wanu.

Chachisanu ndi chitatu: musapeputse kuvulala

Ana amabisa ululu poopa kutaya malo m'timu kapena kukhumudwitsa makolo, choncho muuzeni kuti kunena kuti wavulala si mantha. Samalani kwambiri za mutu. Mwana akagundana mutu ndi mnzake, akamenyetsa mutu pansi kapena pamtengo wa golo, n'kuyamba kumva mutu, chizungulire, nseru, kuona zinthu ziwiriziwiri kapena kusokonezeka maganizo, atuluke nthawi yomweyo ndipo asabwererenso tsiku limenelo, ngakhale atanena kuti ali bwino. Ubongo utha kugwedezeka munthu osakomoka, ndipo zizindikiro zina zimaoneka patapita maola ambiri, mwina mpaka masiku atatu, monga mmene FIFA ndi WHO anachenjezera pa kampeni yawo ya mu 2024. Mupititseni kuchipatala, ndipo akamasanza mobwerezabwereza, kugona mosadzutsika kapena kupweteka kwa mutu kumangokulirakulira, thamangani naye. Pa chifukwa chomwechi, bungwe la mpira la ku United States linaletsa mu 2015 ana a zaka 10 kutsika m'munsi kumenya mpira ndi mutu, ndipo la ku England nalo layamba kuchotsa kumenya ndi mutu pa masewero a ana aang'ono. Musamaphunzitse kamwana kumenya mpira wolimba ndi mutu pakhomo.

Ana amene akukula mofulumira amadandaula kawirikawiri za kuwawa kwa chidendene kapena kwa m'munsi mwa bondo, chifukwa mafupa amatalika msanga kuposa mmene minofu ikutambasukira. Ululu wotere umafuna kuchepetsa masewero ndi kuonana ndi dokotala, osati kumwa mankhwala opha ululu kuti akasewere. Pa sabata pakhale tsiku limodzi kapena awiri opumula. Ndipo kukayamba ziphaliwali ndi mabingu, ana onse achoke pabwalo, ngakhale kutatsala mphindi zisanu kuti masewero athe.

Chachisanu ndi chinayi: gwirani maloto ake modekha

Musaweruze tsogolo la mwana poona mmene alili pa zaka 10. M'timu imodzi ya ana obadwa chaka chimodzi, wina atha kuposa mnzake ndi miyezi 11, ndipo pa msinkhu umenewo miyezi imeneyi imaoneka m'kutalika, m'mphamvu ndi m'liwiro, mwakuti osankha osewera amasokoneza kukula msanga ndi luso. Harry Kane anasiyidwa ndi Arsenal ali mwana, koma mu 2023 anakhala womwetsa zigoli zambiri m'mbiri ya timu ya dziko la England. Jamie Vardy anasiyidwa ndi Sheffield Wednesday ali ndi zaka 16, anasewera m'matimu ang'onoang'ono kwa zaka zambiri, ndipo mu 2016 anapambana ligi ya Premier ndi Leicester City. Sindikutchula amenewa kuti mwana aliyense wosiyidwa adzafika pamenepo, chifukwa ana amene amadzadya za mpira ndi ochepa zedi. Ndikuwatchula kuti muone kuti ngakhale akatswiri osankha osewera amalephera kuwerenga mwana, choncho kusankhidwa kusakukwezeni mapewa ndipo kusiyidwa kusakugwetseni mphwayi. Sukulu ipitirire patsogolo, ndipo mulekeni azilawako masewera ena monga kuthamanga, kusambira kapena mpira wa manja, chifukwa kuchita masewera amodzi okhaokha chaka chonse kuyambira ali wamng'ono kumatopetsa ziwalo zomwezomwezo ndiponso kumagwetsa chidwi.

Mwana akayamba kuoneka bwino, padzabwera anthu olonjeza kumupititsa kunja kukayesedwa ku matimu akuluakulu mukawapatsa ndalama. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndime 19 ya malamulo a FIFA okhudza kusamutsa osewera imaletsa kusamutsira kudziko lina mwana wosakwana zaka 18, kupatula pa zifukwa zochepa, monga pamene makolo ake asamukira kudzikolo pa nkhani zosakhudzana ndi mpira. Musapereke ndalama, pasipoti kapena mwana kwa munthu wotere, ndipo musasayine pepala lililonse musanafunse ku bungwe loyendetsa mpira m'dziko lanu ngati munthuyo ali ndi chilolezo, komanso musanalankhule ndi timu imene akuitchulayo.

Ithanso kufika nthawi imene mwana anganene kuti sakufunanso mpira. Musakalipe, ndipo musamuwerengere ndalama ndi nthawi imene mwataya. Fufuzani modekha chimene chachititsa, chifukwa mawu akuti "sindikufunanso" amabisa zinthu zosiyanasiyana: mwina anzake akumuseka, mwina akuopa mphunzitsi, mwina watopa, mwina pali wamkulu amene akumuchita zoipa, mwinanso ndi mawu athu a m'mbali mwa bwalo amene amulemera. Ngati vuto lili m'timu, kusintha timu kapena kupuma miyezi ingapo kumabwezeretsa chidwi. Ngati palibe choopsa, mulimbikitseni kuti amalize nyengo imene analonjeza anzake, akatsanzike kwa mphunzitsi ndi pakamwa pake, kenako mumufunse masewera ena amene angakonde kuyesa. Mpira wake musaupereke kwa wina msanga. Usiyeni pamalo pamene angaufikire akaufuna.